Ketulo inalibe mlandu

Lero ndalemba zazitali, ndiye ngati muli pa sitandi ndipo makasitomala achuluka, isungeni mudzawerenge madzulo. Nkhani yake ndi ya kaswichi kaja kali m'bokosi la malaiti pakhoma, kamene kali ndi batani lolembedwa T pambali, amalaiti amati earth leakage. Ambiri a inu muli nako. Ndipo ndidziwa kuti ena a inu munakachotsetsa kale chifukwa kanakutopetsani. Ine ndinatsala pang'ono kuchita chimodzimodzi, ndiye sindikulemba ngati munthu wanzeru.

Amai a kunyumba kwathu ali ndi kantemba kogundizana ndi nyumba, zenera lake linayang'ana kumsewu. Amagulitsa sopo, shuga, mazira, koma phindu lenileni lili mu deep freezer: nkhuku zodula, soseji, nsomba, ndi ma freezit a ana a sukulu. Freezer imeneyo anaigula ndi ndalama ya chilimba, ataponya miyezi 10 osaphonya. Inu amene mumaponya chilimba mudziwa kuti chinthu chogulidwa motero sichikhala katundu wamba m'nyumba.

Mukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene malaiti ankapitira maola ambiri pa tsiku. Chaka chimenecho chinatiphunzitsa chizolowezi chimodzi choipa: malaiti akazima, sitidzuka kukaona, timangoti apita, adzabwera. Ndiye tsiku loyamba earth leakage itagwa usiku, ndinamva fani yaima, ndinatembenuka n'kugona. M'mawa ndipamene ndinaona kuti babu la aneba likali kuyaka. Ndinakweza kaswichi, zonse zinayaka, ndinaiwala.

Sabata yotsatira kunagwa maliro kumudzi, cha ku Katete. Tinakiya nyumba Lachinayi m'mawa, tinabwera Lamlungu madzulo. Fungo linatilandira tikali pa geti. Sindifuna kufotokoza zambiri. Oda yonse ya sabata imeneyo tinaikwirira kuseri kwa chimbudzi, amai akuwerenga ndi pakamwa chidutswa chilichonse pamene ndinali kuponya m'dzenje. Ma units mu mita analimo, aneba anati malaiti sanapite masiku onsewo. Kaswichi kaja kanali pansi.

Kuchokera pamenepo inayamba kugwa pafupipafupi, ndipo tinaona kuti nthawi zambiri imagwa wina akangoyatsa ketulo. Mlandu unatha msanga. Amai anati, "Atate, ketulo iyi yakalamba, ndi imene itipha." Ndinavomera, chifukwa ndinali nditamvapo kuti element ya ketulo ikang'aluka madzi amalowa mkati ndipo malaiti amathawira ku chitsulo. Zimenezo ndi zoona, zimachitika kawirikawiri pa ketulo, pa nsimbi, pa mbale ya sitovu ndi pa giza. Tinagula ketulo yatsopano. Masiku 2 kunali zii. Tsiku lachitatu, ketulo yatsopano, phaa, mdima. Madzulo ake nsimbi inachitanso chomwecho.

Apa ndipamene anabwera mnyamata wina wa m'komboni mwathu, uja amene amakonza chilichonse, mawailesi, mafani, maloko. Anayang'ana m'bokosi n'kuseka. Ati, "Amdala, aka kaswichi kali sensitive maningi, tumeneti timavuta chabe. Ndingadumphitse waya apa, mphindi 5, K50, simudzaonanso vuto." Anatchula ndi nyumba zingapo kumene anachita zimenezo, ndipo anati palibe amene wadandaula.

Ndikuuzeni zoona, amai anali kumbali yake, ndipo mfundo zawo zinali zolimba. Anati, "Inu mumapita ku ntchito, ine ndi amene ndimakhala ndi mtima m'mwamba tsiku lonse. Ndikataya oda ina ndidzalowa kaloba. Nyumba ya makolo anga inalibe kaswichi aka, ndani anafa?" Ndinasowa choyankha. Ndinauza mnyamatayo kuti abwere mawa.

Chimene chinandibweza ndi mdzukulu wathu wamkazi, wa zaka 7. Madzulo amenewo ndinakhala pa khonde ndikumuona. Kasitomala akafuna freezit ndiye amathamanga, wopanda nsapato, pansi pa simenti amai atangokolopa, n'kugwira chivundikiro cha freezer ndi manja awiri. Pa ola limodzi anachita zimenezo kasanu. Ndinadzifunsa kuti kodi kaswichi kameneka kakamagwa kamakhala kakuona chiyani chimene ine sindikuona. Mawa lake mnyamata uja atabwera ndinamupatsa ya transport, ndinati tiyambe taganiza.

Lekani ndikufotokozereni mmene kamagwirira ntchito, monga ndinadzamvetsera pambuyo pake, chifukwa mukamvetsa ichi zina zonse zimakhala zosavuta. Malaiti a m'nyumba zathu kuno ndi a 230 volts. Amalowa pa waya wa live, amagwira ntchito mu ketulo kapena mu firiji, n'kubwerera pa waya wa neutral. Amene alowa ayenera kufanana ndi amene abwerera. Earth leakage ili ngati mkulu amene amaima pa khomo la khola, kuwerenga mbuzi potuluka m'mawa ndi polowa madzulo. Ilibe nazo ntchito kuti mbuzi ndi zambiri kapena zochepa. Imangofuna kuti chiwerengero chigwirizane. Zikasowa, ndiye kuti malaiti apeza njira ina yopitira pansi: m'madzi, m'chitsulo, m'khoma lonyowa, kapena m'thupi la munthu. Ikaona zimenezo imadula pa kanthawi kosakwana sekondi.

Pitani mukayang'ane pa nkhope yake, mudzapeza palembedwa 30mA kapena 0.03A. Amp imodzi ili ndi ma milliamp 1000. Ketulo ya 2000 watts imakoka pafupifupi ma amp 9, ndiko kuti ma milliamp pafupifupi 9000, ndipo kaswichi aka kamazindikira akasowapo 30 chabe. Nambala imeneyo anaisankha poganizira mtima wa munthu, chifukwa malaiti osakwana ma milliamp 100 akadutsa pa chifuwa angathe kusokoneza kugunda kwa mtima mpaka munthu kufa. Manje tiswichi tina tija tili pamzere, tolembedwa 10, 20 kapena 32, ntchito yake ndi ina. Timateteza mawaya kuti asatenthe mukalumikiza zinthu zambiri kapena pakachitika short. Ka 20 kamadikira ma milliamp opitirira 20,000. Mwana atagwira freezer imene ili ndi malaiti pa chitsulo, ka 20 kaja sikangamve n'komwe. Ndiye amene amati "ma breaker ena alipo, akwanira" sakunena zoona, olo atakhala kuti sakufuna kukunamizani.

Choyamba pamene malaiti azima, onani kuti chagwa n'chiti. Ngati ndi kakang'ono ka pamzere, mwina mwachulutsa katundu pa laini imodzi. Ngati ndi chija cha batani la T, penapake pakudontha.

Ndinayamba kufufuza ndekha, zimene munthu wamba angachite osatsegula bokosi. Ndinatsitsa tiswichi tonse, ndinakweza earth leakage, kenaka n'kumakweza kamodzikamodzi, kudikira pang'ono pakati. Nthawi zambiri njira imeneyi imagwira wakuba: mukangokweza laini yolakwa, imagwa pomwepo, ndipo mwadziwa kuti vuto lili ku masoketi a kukhitchini, kapena ku giza, kapena ku mababu. Laini imeneyo mumaisiya pansi, zina zonse n'kumayaka, freezer yanu n'kupulumuka pamene mukufuna wokonza. Kwa ife sizinatero. Tonse tinakwera, palibe chinagwa. Ndinayatsa nsimbi, phaa.

Kenaka ndinazula mapulagi onse m'nyumba ndi m'kantemba. Apa mumvetsetse: kuzula, osati kuzimitsa pa khoma chabe. Masoketi ambiri swichi yake imadula live yokha, neutral imakhala ikali yolumikizika, ndiye chinthu cholakwa chingapitirize kugwetsa earth leakage chili chozima. Ndinabwezera chimodzichimodzi. Pochita zimenezi ndinapeza manyazi anga. Extension yopita ku freezer inali ndi joini imene ndinamanga ndekha zaka zapitazo, tepi itatha ndinamalizira ndi pulasitiki ya buledi, ndipo inali gone pansi pomwe amakolopa. Nditatsegula pulagi ya freezer ndinapeza waya wa earth, uja wa green ndi yellow, utachoka pa phini lake, ukungolendewera. Kutanthauza kuti chitsulo cha freezer chinalibe njira yotayira malaiti pansi. Tsiku limene waya wa mkati ukanakhudza chitsulo, njira ikanakhala munthu woyamba kugwira. Ndinakhala pansi kaye. Ndinagula extension yatsopano, ndinaikweza pa khoma, pulagi ndinaimanga bwino.

Ndinauza amai kuti vuto latha. Usiku womwewo kunagwa mvula ya mphepo, ndipo cha m'ma 02 koloko inagwanso.

Chimene chinandithandiza pamenepa ndi kabuku ka ngongole ka m'kantemba. Kumapeto kwake ndinayamba kulemba nthawi iliyonse ikagwa: tsiku, ola, chimene chinali choyaka, ndi kunja kunali bwanji. Patapita masabata 2 zinaoneka poyera. Masiku a dzuwa inkatha osagwa olo tiyatse ketulo ndi nsimbi pamodzi. Kukagwa mvula ya mphepo, tsiku limenelo ndi lotsatira, chilichonse chokoka malaiti ambiri chinkaigwetsa, ngakhale freezer yomwe pamene compressor ikulira poyamba, chifukwa poyambapo imakoka kwambiri kuposa ikamayenda. Ndinakumbukira kuti sabata ya maliro ija kunagwa chimvula. Muchite zimenezi inunso, lembani. Wokonza akabwera n'kumuuza kuti "imangogwa chabe", mwamupatsa ntchito ya tsiku lonse ndipo mudzalipira ya tsiku lonse.

Ndinaitana wa malaiti weniweni, wa mapepala ake, amene anaphunzira ku trades. Mudzamudziwa ndi zida. Uja woyamba anabwera ndi tester ya screwdriver ndi pulayazi. Uyu anabwera ndi kamakina kamene amati megger, koyezera ngati chikopa cha mawaya chikali bwino. Anawerenga kabuku kanga, anafunsa funso limodzi: "Atate, kunja kuli babu kapena soketi iliyonse?" Ndinati kuli security light kutsogolo, ndi ina kuseri kwa nyumba imene inapsa kalekale, sitiyatsa n'komwe. Anangogwedeza mutu.

Anazimitsa main, anayeza kuti atsimikize kuti mulibe malaiti, ndipamene anatsegula chivundikiro. Pano ndikupempheni, chivundikiro cha bokosi musatsegule nokha. Olo main ili pansi, mawaya ochokera ku mita amakhala akali ndi moto pamwamba pake. Mkatimo anandionetsa kachitsulo kamene ma neutral onse a m'nyumba amakumana. Anayamba kumasula umodziumodzi, n'kumayeza ndi megger pa 500 volts pakati pa waya ndi earth. Anati laini yabwino siyenera kutsika pansi pa megohm imodzi, ndipo zathu zambiri zinkaonetsa mazana. Atafika pa neutral ya mababu a kunja, nambala inagwera pafupi ndi ziro.

Tinazungulira kuseri ndi makwerero. Babu lija linali lolendewera pa sikuluwu imodzi, pansi penipeni pa malata pomwe madzi amatsikira. Atatsegula munatuluka madzi a dzimbiri ndi dothi la nyerere. Waya wa neutral unali utapanikizika pa mphepete ya chitsulo, chikopa chitadulika, mkuwa ukuoneka. Mphepo ikagwedeza babulo, mkuwa unkakhudza chitsulo, ndipo chitsulocho n'cholumikizidwa ku earth. Ikagwedezanso tsiku lina, unkasiya.

Ndinafunsa funso limene inunso muli nalo. "Nanga babu lozima, lakupsa, swichi yake ili off, likugwirizana bwanji ndi ketulo ya kukhitchini?" Anati, "Atate, swichi ya pakhoma imadula live. Kabreaker kakang'ono kaja nakonso kamadula live. Neutral siidulidwa, yonse ndi imodzi m'bokosi. Ketulo ikakoka ma amp 9, onsewo ayenera kubwerera kudzera mu earth leakage. Koma akafika pa kachitsulo ka ma neutral apeza njira ziwiri, yoyenera ndi iyi yakuba ya kuseri. Ambiri apita koyenera, pang'ono athawira uku. Mukayatsa TV chabe, othawawo ndi ochepa, siimva. Mukayatsa ketulo, apitirira 30, yagwa." N'chifukwa chake kutsitsa tiswichi kamodzikamodzi sikunandionetse kanthu. Ndipo n'chifukwa chake tinaweruza ketulo, popeza ndi imene inkaoneka pamalo nthawi iliyonse mlandu ukachitika.

Anandiuzanso china chimene inu a m'misika muyenera kumva, makamaka kumene mashopu angapo amadyera bokosi limodzi. Earth leakage ya 30 ingathe kugwa kuyambira pa theka lake, cha m'ma 15. Ndipo zinthu zambiri zimadontha pang'onopang'ono ngakhale zili bwino: firiji yakale pang'ono, kompyuta pang'ono, makina a barbershop, ma charger. Chilichonse pachokha chilibe mlandu, koma zikaphatikizana zimafika pa mzere, ndiye wobwera pomaliza ndi hotplate yake ndi amene amatukwanidwa. Mankhwala ake ndi kugawa malaini kuti akhale ndi ma earth leakage awiri kapena kuposa, osati kuchotsa imodzi imene ilipo. Freezer ya bizinesi, ngati thumba lilola, ikhale pa laini yakeyake ndi chitetezo chakechake, kuti babu la kuchimbudzi lisamaolets nkhuku zanu. Ife tachita zimenezo mwezi wathawu, titasonkha pang'onopang'ono.

Kodi kaswichiko sikangaonongeke pakokha? Kangathe, ndipo nthawi zina mphezi ikang'anima pafupi kamagwa kamodzi popanda vuto lina lililonse. Koma kuonongeka kwake kumadziwika poyeza, malaini onse atachotsedwa, ndipo kakaonongeka mumagula kena ka 30mA komweko. Samalani ndi amene akuuzani kuti aikepo ka 100 kapena ka 300 kuti kasamavute. Kameneko kangathandize pa moto, koma sikoteteza munthu wogwira chitsulo. Ndipo kuonongeka koopsa ndi kuja kosagwa n'komwe, chifukwa palibe amene amadandaula. Ndiye ntchito ya batani la T. Mukalidina, malaiti ayenera kuzima nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, mwakhala mukugona ndi mlonda wakufa. Wa malaiti uja anati ndizidina miyezi 3 iliyonse. Amene musunga makiyi a holo ya tchalitchi, kumene amai athu amawiritsa madzi a tiyi mu urn yaikulu pansi pali ponyowa, kadinenikoni sabata ino.

Ntchito yonse inatenga maola 2. Anachotsa babu lakale, anadula waya poonongeka, anaika lina lotsekeka bwino losalowa madzi, patali ndi potsikira mvula. Anayang'ananso waya wopita ku chitsulo chokhomedwa pansi kunja kwa nyumba, anapeza kuti cholumikizira chachita dzimbiri, anachipala n'kumanga. Ndinalipira kuposa K50 ija, inde, kangapo. Koma sizinafike olo theka la zimene tinakwirira kuseri kwa chimbudzi.

Ndimaganizabe za mnyamata woyamba uja. Si munthu woipa, ndipo fani yathu ndiye anakonza. Akanadumphitsa waya, malaiti sakanazimanso, amai akanamuyamika, ine ndikanamutumizira makasitomala ena. Joini yanga ya pulasitiki ya buledi ikanakhala ikali pansi, pulagi ya freezer ikali yopanda earth, chifukwa palibe chikanandikakamiza kugwada n'kuyang'ana. Nyumba zija anatchula kuti palibe wadandaula, ndinapitako ziwiri za anthu amene timadziwana, ndinawafotokozera monga ndakufotokozerani. Mmodzi anabwezeretsa. Wina anati adzaona mvula ikatha.

Dzana anadutsa pa kantemba kugula freezit, anafunsa, "Amdala, ikali kugwa?" Ndinati yaleka. Ati, "Mwadumphitsa?" Ndinamutengera kuseri, ndinamuonetsa babu lakale limene ndasunga dala, ndi malo pamene mkuwa unkakhudza. Analitembenuza m'manja nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti megger imagulidwa zingati.

Ketulo yakale ija amai anali ataiika pa khonde, akuthiriramo maluwa. Tinaitsuka, tinaiumitsa masiku angapo, wa malaiti anaiyeza tsiku limene anabwera kudzaika laini ya freezer, ndipo ilibe vuto lililonse. Manje tili ndi maketulo awiri. Amai akuti yatsopanoyo ndiibweze ndalama yake ndine, popeza ndine ndinavomera msanga.